MATHITHI AMENE SADAONEDWE: KUKONZEKERA NDI KULIMBA MTIMA PA ULENDO WA ZAMBEZI NDI SHIRE



M'mudzi uliwonse mumapezeka anthu a mitundu iŵiri. Wina sagulitsa chimanga ngakhale dengu limodzi mpaka ataona kuti cham'munda chamasula. Mnzake akangomva kuti kuboma lakutilakuti nsomba zikugulidwa bwino, amatenga ndalama zonse zam'nyumba nakakwera basi m'maŵa mwake. Woyambayo anthu amamutcha wamantha, ndipo amamukumbutsa kuti mbeŵa ya manyazi idafera kuuna. Wachiŵiriyo amamutcha wopupuluma, namuchenjeza kuti chakudza sichiimba ng'oma. Miyambi iŵiri yonseyi ndi ya makolo athu, ndipo yonse ndi yoona. Nanga munthu atsate uti? M'nkhani ya lero tifuna yankho m'mbiri ya mitsinje iŵiri imene ambiri a ife timaidziŵa, Zambezi ndi Shire, ndi ya alendo amene adayenda pa mitsinjeyi pakati pa 1856 ndi 1875.

Tiyambe ndi chaka cha 1856. Dr David Livingstone anali pafupi kutsiriza ulendo wake wodutsa Africa yense kuchokera ku Luanda, kunyanja yamchere yakuzambwe, kunka ku Quelimane, kunyanja yakuvuma. Mu Novembala 1855 anali ataona mathithi a Mosi-oa-Tunya, ndipo kuchokera kumeneko ankatsata Zambezi chotsika pamodzi ndi Amakololo oposa 100. Mumtima mwake munali ganizo limodzi lalikulu: ngati sitima zingathe kuyenda pa Zambezi kuchokera kunyanja mpaka kumapiri a Batoka, kumwera kwa dziko limene lero ndi Zambia, ndiye kuti malonda a thonje ndi mbeu zina akadaloŵa m'malo mwa malonda a akapolo.

Atatsala pang'ono kufika ku Tete, ali wotopa ndi wodwaladwala, adausiya mtsinjewo pamalo pamene ukhota, nadzera njira yachidule yapamtunda. Anthu adamuuza kuti kutsogoloko kuli malo otchedwa Kebrabasa, kumene madzi amathamanga pakati pa miyala. Iye adaganiza kuti ndi kamathithi kakang'ono, koti sitima yamphamvu ikhoza kudutsapo madzi akadzaza, kapena koti miyala yake ikhoza kuphwanyidwa ndi wonga. Sadapatuke kuti akaone ndi maso ake. Adafika ku Tete mu Malichi 1856, ku Quelimane mu Meyi, ndipo atabwerera ku Mangalande adauza anthu ndi boma lomwe kuti Zambezi ndi mseu waukulu woloŵera m'kati mwa Africa.

Omvera, sungani mfundo imeneyi. Dzina loti Kebrabasa, limene lero tikulilemba Cahora Bassa, amati limatanthauza malo pamene basa, kunena ntchito, imathera, popeza opalasa mabwato akafika pamenepo ankalekeza ulendo. Eni dziko ankadziŵa bwino lomwe, ndipo chenjezo lidali m'dzina lenilenilo.

Boma la Britain lidakhulupirira mau a Livingstone ndi kupereka mapaundi 5,000. Mu Malichi 1858 ulendo watsopano udanyamuka. Tisaganize kuti udali ulendo wosakonzekera. Padali Dr John Kirk, sing'anga ndi katswiri wa zomera. Richard Thornton, wodziŵa za miyala. Thomas Baines, wojambula ndi wosunga katundu. George Rae, woyang'anira makina. Norman Bedingfeld, mkulu wa zapamadzi. Ndi Charles, mng'ono wake wa Livingstone. Adatenga kwinini wochuluka, mbeu za thonje, zipangizo zoyezera, ndi kasitima kotchedwa Ma Robert, dzina limene anthu a kwa Atswana ankatchulira mai Mary Livingstone. Zonse zing'onozing'ono zidaŵerengedwa. Chachikulu chokha, chimene ulendo wonse udatsamirapo, ndicho chidali chongoganizira, ndipo panalibe njira yachiŵiri imene adaikonzeratu ngati mtsinjewo ukadakana.

Ma Robert idayamba kuvuta isadapite patali. Inkadya nkhuni zambiri kotero kuti anthu ankatha nthaŵi yaitali podula mitengo kuposa imene sitimayo inkayenda, ndipo chitsulo chake chopyapyala chidayamba kubooka. Mu Novembala 1858 adafika ku Kebrabasa. Adayenda pansi m'chigwa chotentha, pa miyala yotentha yotupitsa mapazi, mpaka adafika pa mathithi a Morumbwa. Apa padalibenso chokayika. Palibe sitima imene ikadakwera pamenepo. Chimene masiku oŵerengeka a mu 1856 akadaulula, chidadzaululika patapita zaka ziŵiri ndi miyezi, ndalama zitaonongeka kale, ndiponso anthu ambiri atamanga kale chiyembekezo chao pa mseu umene kunalibe. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Livingstone adafunsa ndithu, koma adasankha kumva yankho limene mtima wake unkafuna.

Tsono apa tiyenera kunena chilungamo, pakuti pa nthaŵi yomweyi kulimba mtima kwa munthuyu kudaonetsa phindu lake. Munthu wina akadalongedza katundu nabwerera kwao ndi manyazi. Iye adatembenuza sitima naloŵa mu Shire mu Januwale 1859, mtsinje umene sudali m'malangizo a ulendowo. Adakwera mpaka kwa mfumu Chibisa, kufupi ndi Chikwaŵa, kumene mathithi ena adamuimitsa, ndipo adaŵatcha Murchison. Adasiya sitima nayenda pansi. Mu Epulo adaona nyanja ya Chilwa, ndipo mu Sepitembala 1859 adafika pa nyanja yathu yaikulu. Zimene adalemba zokhudza malonda a akapolo m'dziko lino zidagwedeza mitima ya anthu ambiri kutsidya la nyanja. Munthu wongodikira kuti zonse zitsimikizike asadasunthe phazi sakadafika kuno.

Komabe khalidwe lomwelo lidapitiriza kulipitsa anzake. Mu Novembala 1860, pochokera kokaperekeza Amakololo kwao, Livingstone adayesa kutsika Kebrabasa pa mabwato. Bwato la Kirk lidagubuduka. Kirk adapulumuka, koma mabuku ake ndi zithunzi za zomera zimene adazijambula kwa nthaŵi yaitali zidapita ndi madzi. Mwezi wotsatira Ma Robert idamira.

Tsopano tifike pa gawo limene limatikhudza kwambiri ife a kuno. Mu Disembala 1857 Livingstone adalankhula ku yunivesite ya Cambridge, ndipo mau akewo adabala bungwe la mishoni la UMCA. Mtsogoleri wake, Charles Mackenzie, adadzozedwa ubishopu ku Cape Town pa 1 Januwale 1861. Iye ndi anzake adabwera ndi sitima yatsopano yotchedwa Pioneer, imene inkaloŵa m'madzi mozama kuposa mmene Shire amafunira, kotero kuti inkatitimira pamchenga kaŵirikaŵiri. Mu Julayi 1861 adakwera kumapiri, ndipo kwa Mbame adamasula akapolo 84 amene ankayendetsedwa m'magoli. Adakhazika mishoni yao ku Magomero. Adabwera akuyembekeza dziko la mtendere ndi la chakudya, koma adapeza nkhondo pakati pa Ayao ndi Amang'anja, ndipo posakhalitsa iwonso adaloŵerera m'nkhondoyo. Ufa, nsalu ndi mankhwala zonse zinkadalira sitima imodzi pa mtsinje wosadalirika.

Livingstone ndi Mackenzie adapangana kuti akakumane pamene Ruo amathira mu Shire, pa Chiromo, tsiku loyamba la 1862, popeza mlongo wake wa bishopuyo ndi mkazi wa mbusa Henry Burrup ankayembekezeka kufika kunyanja yamchere. Iyi ndi nyengo ya dzinja, mitsinje itadzaza, udzudzu uli ponseponse. Mackenzie ndi Burrup adachedwa kunyamuka. Adatsikira kwa Chibisa, nakwera bwato pamodzi ndi Amakololo oŵerengeka. Usiku wina bwatolo lidagubuduka. Anthu onse adapulumuka, koma mankhwala onse, kuphatikizapo kwinini, adaonongeka.

Taganizani, omvera, za mmene zinthu zidalili m'maŵa mwake. Panali njira ziŵiri: kubwerera kukatenga mankhwala ena, ulendo wa masiku angapo, kapena kupitirira opanda mankhwala kuti asaphonye pangano. Adasankha kupitirira. Atafika pa Ruo adamva kuti Livingstone wadutsa kale masiku oŵerengeka apitawo, kuloŵera kunyanja. Apanso akadatha kubwerera, koma adaganiza zodikira pa chilumba cha Malo. Malungo adaŵagwira onse aŵiri. Bishopu Mackenzie adamwalira pa 31 Januwale 1862, ali ndi zaka 36, ndipo adaikidwa kufupi ndi Chiromo. Burrup adanyamulidwa kubwerera ku Magomero, kumene adamwalira mu Febuluwale. Amai aŵiri aja adakwera mtsinje akuyembekeza kulandiridwa, koma adalandira uthenga wa maliro.

Pa nthaŵiyo palibe amene ankadziŵa kuti malungo amafala ndi udzudzu, popeza zimenezi adadzazitsimikiza Ronald Ross mu 1897. Pa ichi sitingaŵaimbe mlandu. Koma kuti kwinini amachiza malungo ankadziŵa, ndipo Livingstone anali atapanga mibulu yake ya mankhwala yokhala ndi kwinini, imene idapulumutsa anthu ambiri a pa ulendo wake. Kugubuduka kwa bwato ndi ngozi imene ingagwere aliyense. Kukhala ndi mankhwala onse m'bwato limodzi, ndi kupitirira ulendo atatayika, izo zidali zosankha za anthu.

Imfa sizidalekere pomwepo. Mai Mary Livingstone adafika ku Zambezi kumayambiriro a 1862, ndipo popeza ulendo wokwera mtsinje udachedwa, adakhala nthaŵi yaitali m'chigwa cha malungo. Adamwalira ku Shupanga pa 27 Epulo 1862, ali ndi zaka 41. Mishoni idasamukira kwa Chibisa, kumene chilala ndi nkhondo zidabweretsa njala yoopsa imene idapha anthu osaŵerengeka a m'chigwa cha Shire. Mu 1863 mbusa Scudamore, Dr Dickinson ndi Richard Thornton adamwalira. Mu Julayi chaka chomwecho kalata ya boma idafika yolamula kuti ulendowo uthe, ndipo mu 1864 Bishopu Tozer adasamutsira mishoni ku Zanzibar.

Livingstone adatsala ndi sitima ina yotchedwa Lady Nyassa, imene adaigula ndi ndalama zake, mapaundi pafupifupi 6,000, kuti ikayende pa nyanja yathu. Sidafike konse kunyanjako. Posafuna kuti igwe m'manja mwa anthu amene akadaigwiritsa ntchito pa malonda a akapolo, adaganiza zokaigulitsa ku India. Pa 30 Epulo 1864 adanyamuka ku Zanzibar pa kasitima kopangidwira madzi a m'nyanja yapamtunda, ali ndi malasha ochepa, amalinyero Achizungu atatu, ndi anthu Achiafirika oŵerengeka, ena mwa iwo anyamata monga Chuma. Adaoloka mamailosi pafupifupi 2,500 a nyanja yamchere, nyengo ya mkuntho ili pafupi, nafika ku Bombay pa 13 Juni. Anthu ambiri amaitama nkhaniyi, ndipo ndi yochititsadi chidwi. Koma tisanyengedwe. Mkuntho ukadafulumira ndi masiku oŵerengeka, lero tikadaiŵerenga pamodzi ndi ya bwato la Mackenzie. Kupulumuka kwa munthu si umboni wakuti adaganiza bwino. Nthaŵi zina amangokhala kuti mwai udamukomera.

Tsono tione munthu wina amene dzina lake silimveka kaŵirikaŵiri. Edward Young anali msilikali wa pamadzi amene adagwirapo ntchito pa Pioneer, ndipo adaona ndi maso ake zonse zimene zidalakwika. Mu 1867 mbiri idafika ku Mangalande yakuti Livingstone waphedwa kufupi ndi nyanja yathu. Young sadaikhulupirire, ndipo adatumidwa kudzafufuza. Popeza ankadziŵa za mathithi a Shire, adapangitsa bwato lachitsulo lotchedwa Search, lomangidwa m'zigaŵozigaŵo zoti n'kumasula. Ankadziŵanso kuti Amakololo amene adatsala m'chigwa cha Shire tsopano anali ndi midzi ndi anthu, choncho adapangana nao za amtengatenga. Adafika kunyanja, adapeza anthu amene adamuona Livingstone ali moyo kupitirira pamalo pamene ankati adaphedwera, ndipo kumayambiriro a 1868 anali atabwerera kwao ndi yankho.

Livingstone adamwalira mu Meyi 1873 kwa Chitambo, m'dziko la Ilala. Mu 1875 mpingo wa Free Church of Scotland udatumiza ulendo wodzayamba mishoni ya Livingstonia, ndipo udasankha Young kuti autsogolere. Taonani anthu amene adatenga: Dr Robert Laws, sing'anga ndi mbusa, mmisiri wa matabwa, mmisiri wa makina, wosula zitsulo, mlimi, mmalinyero, ndiponso Henry Henderson wa Church of Scotland, amene chaka chotsatira adatsogolera anzake kukayamba mishoni ya Blantyre. Ntchito iliyonse imene ikadafunika chinthu chikathyoka idali ndi mwini wake. Sitima yao, Ilala, idapangidwa moganizira mathithi. Adaimanga pamathiriro a Zambezi, adakwera nayo mpaka kumunsi kwa mathithi, adaimasula, ndipo anthu mazanamazana osonkhanitsidwa ndi mafumu Achikololo adasenza zigaŵo zake pamutu, m'njira ya miyala ndi dzuŵa loswa mtengo, ulendo wa mamailosi oposa 50. Amishoniwo adalemba kuti palibe chigaŵo chimene chidasoŵa. Ulemu wa ntchito imeneyi ndi wa makolo athu amene adasenza katunduyo, ngakhale maina ao sadalembedwe. Pa 12 Okutobala 1875 Ilala idaloŵa m'nyanja ya Malaŵi, sitima yoyamba ya nthunzi kuyenda pamenepo.

Kodi tinene kuti Young anali wamantha? Iai. Adakwera mtsinje womwewo, wa malungo omwewo, patangopita zaka 13 chimwalirire Mackenzie. Adaika moyo wake pachiswe monga anzake aja. Kusiyana kwake n'kwakuti iye adalekanitsa zinthu zimene zikadadziŵika ulendo usadayambe ndi zimene sizikadadziŵika. Zoyambazo adazifufuza nazikonzekera. Zachiŵirizo adazilandira molimba mtima. Ndipo tisaiŵale kuti zambiri zimene adazikonzekera adazidziŵa chifukwa anthu ena adayamba alakwitsa. Wokonzekera amayenda m'njira imene wolimba mtima adalambula, nthaŵi zina ndi moyo wake.

Ngakhale kukonzekera kwa 1875 kudali ndi malire. Malo amene adasankha ku Cape Maclear anali ndi dooko labwino, koma anali a malungo, ndipo manda adayamba kuchuluka. Dr William Black adamwalira komweko mu 1877. Koma popeza anali ndi sitima, amisiri ndi mankhwala, kulakwitsako sikudaphe ntchito yonse. Adayendera gombe la nyanja, nasamukira ku Bandawe mu 1881, kenaka ku Khondowe mu 1894. Apa ndi pamene pagona phindu la kukonzekera. Munthu wokonzekera amalakwitsabe, koma akalakwitsa amakhala ndi potembenukira.

Nanga ife titolapo chiyani pa ntchito zathu za tsiku ndi tsiku? Ndikuona mafunso atatu amene mbiriyi ikutipatsa.

Loyamba: kodi pa zimene ndikufuna kuchita, ndi chiti chimene chikakanika zonse zigwa, ndipo kodi ndachiona ndi maso anga? Mlimi amene afuna kusiya chimanga kuti adzale mbeu yogulitsa m'munda wonse, Kebrabasa wake ndi msika. Ayambe wakafika kumeneko, afunse mtengo ndi ogula, aone ngati mseu umapitika m'dzinja, ndipo amvere anthu a komweko ngakhale mau ao atamuŵaŵa.

Lachiŵiri: kodi ndaika zonse m'bwato limodzi? Amai amene amadzala chinangwa kapena mbatata pambali pa chimanga, msodzi amene amasunga nkhafi yapadera ngakhale ali ndi injini, wamalonda amene amasiyako kandalama kunyumba popita kukaoda katundu, onseŵa si amantha. Akuchita chimene chikadapulumutsa moyo pa chilumba cha Malo.

Lachitatu, ndipo ndi lolemera koposa: zikavuta, adzalipira ndani? Munthu ali ndi ufulu woyesa mwai ndi chuma chake ndi thukuta lake. Koma mwini banja, mphunzitsi wamkulu, woyendetsa galimoto kapena bwato, mkulu wa ntchito, onseŵa amanyamula miyoyo ya ena amene sadafunsidwe. Pa ulendo wa Zambezi amene adaganiza molakwa za Kebrabasa adabwerako wamoyo, ndipo amene adatsala m'manda a ku Chiromo, ku Magomero ndi ku Shupanga ndi amene adakhulupirira mau ake.

Mafunso atatuŵa akayankhidwa, otsalawo ndi mantha chabe, ndipo munthu ayenera kunyamuka. Wodikira kuti ngozi zonse zithe adzakalamba ali pakhonde. Walira mvula walira matope.

Mathithi a pa Shire aja akalipo. Pa Cahora Bassa adamangapo damu lalikulu limene lidatha mu 1974, ndipo pa Shire adamanga malo opangira magetsi ku Nkula mu 1966, ku Tedzani mu 1973 ndi ku Kapichira mu 2000. Madzi amene adatsekera njira Ma Robert ndi Lady Nyassa adadzapindulitsa anthu amene adayamba aŵayeza, naŵerengera mphamvu yake m'chilimwe ndi m'dzinja, asadaike mwala woyamba.